Chitsulo cha M'filiji ya Isménia

Pamene wapolisi Otília ankafika ku Canongola, anthu a mumsewu anali atauweruza kale mlandu. Wakuba anali atadziwika, atagwidwa, ndipo anali atakhala pansi m'chitokosi ku esikwadra, polisi ya m'deralo. Chinatsala n'chakuti shefi, mkulu wa apolisi, asaine mapepala m'mawa mwake, munthuyo apite kukhoti. Otília anangotumidwa kukatenga mawu a mwini katundu basi. Koma mayiyu anali ndi kamtima kokayikira mlandu uliwonse wopsa msanga, ndipo kamtima kameneka kanali katamudanitsa kale ndi anzake ambiri pantchito.

Galimoto inali pansi pa mtengo wa nimu, yofiira, ya zitseko ziwiri, yogwada mpaka kutsala pang'ono kukhudza fumbi. Boneti inali yasa, injini itavundukulidwa pamwamba. Mwini wake, Amílcar, woyendetsa zimakina zokumba malasha ku Moatize, ankaizungulira thukuta lili kamukamu, maso ali psu.

"Miyezi ndakhala ndikudikira, a Ajenti! Yachokera ku Joni imene ija. Loweruka kuli mpikisano, anyamata onse akudziwa kuti ndikubwera. Ndiye Afonso, munthu amene ndinadya naye mgaiwa wa pakampu ya othawa nkhondo ku Dedza tili ana, andichite zimenezi?"

"Pepani bambo Amílcar, tiyambe ndi chabedwacho. Ine za motoro sindizidziwa. N'chiyani kwenikweni?"

Mukafuna kuziziritsa mtima wa munthu wokonda galimoto, mufunseni za galimoto yake. Amílcar anaiwala kaye ukali nayamba kuphunzitsa. Chabedwacho, anatero, ndi kamushafuti, chitsulo chachitali ngati mkono, chokhala ndi timfundo totukuka m'thupi monse. Chikamazungulira, timfundoto timakankha mavalavu kuti injini izipuma. Imene imabwera ndi galimoto ndi yaulemu, ya munthu wopita ku tchalitchi. Yatsopanoyi timfundo take n'tatitali, imatsegula mavalavu kwambiri n'kuwachedwetsa kutseka, injini n'kumameza mpweya ndi petulo wambiri, galimoto n'kulusa.

"Munaisunga pati?"

Amílcar anasuzumira kukhitchini, natsitsa mawu. "M'konjeladoro."

"M'filiji? Ya madzi akumwa?"

Inali nzeru ya Afonso, makaniko uja. Kumutu kwa kamushafuti kumalowa giya, ndipo amalowa mothina kwambiri. Ku galaja yaikulu amamukankha ndi makina, koma pakhomo makinawo kulibe. Ndiye chitsulo chimagona m'filiji kuti chinyale, giya amamuviika m'oyilo wotentha pa mbaula kuti afutukuke, ndipo ziwirizo zimalowana popanda nyundo.

"Ndani ankadziwa kuti ili mmenemo?"

"Ine ndi iyeyo basi! Akazi anga, mayi a Lara, sitinawauze, akanatithamangitsa ndi chipande. Tinadikira apite ku kwaya, tinaikulunga m'thaulo, kenako pulasitiki, pamwamba kapulana wakale wobiriwira, n'kuilowetsa pakati pa katundu wawo. Lero ndikatsegule, mulibe. Ndipo anthu amuona mbandakucha akutuluka pageti pano ndi chinthu chachitali m'saka, atachimangirira pa njinga yake yamoto. Mukufunanso chiyani?"

Otília ankayang'ana pakhonde, pamene panali katoni yotsegula ya masipuling'i atsopano, giya wonyezimira ali pa nyuzipepala, ndi masipanala ali mbwee.

"Izi zinagona panja pano?"

"Eya. Nazonso n'za ku Joni."

"Kamu yanuyo ingagwire ntchito popanda masipuling'i awa?"

"Akalewo sangaithe. Angathyoke tsiku lomwelo."

"Ndipo Afonso zimenezi amazidziwa?"

"Anandiuza ndi iyeyo kuti ndigule," anatero Amílcar, osamva n'komwe chimene wanena.

* * *

M'chitokosi munkatentha ngati mu uvuni wa buledi. Afonso anali atakhala pakona, manja akuda ndi girizi atawasanjika pamaondo. Anali munthu wamfupi, wa mawu ochepa, wa kwawo ku Tsangano, ndipo galaja yake inali mthunzi wa mlambe m'mbali mwa msewu ku dera la Samora Machel.

"M'sakamo munali chiyani, bambo Afonso?"

"Chisipanala chachitali, mayi. Chomasulira bawuti wamkulu wa kutsogolo kwa motoro. Ntchito yake inatha dzulo. Ndinabwereka kwa mnzanga, ndimati ndibweze abwana ake asanatsegule galaja."

"Mnzanuyo ndani? Akakuchitirani umboni, mutuluka lero lomwe."

"Ameneyo ndiye ayi. Anachitulutsa mobisa pofuna kundithandiza. Ndikamutchula, ntchito yamuthera. Ali ndi ana."

"Ndiye mawa mupita kundende."

"Ndipita."

"Filijiyo munaitsegula m'mawa?"

"Ili ndi loko, mayi. Kiyi ndilibe."

Otília anadzuka kuti azipita, koma Afonso analankhulanso, maso ali pansi.

"Ndende sikundiopsa kwambiri. Chikundiwawa n'chakuti mano Amílcar, munthu amene ndimamutenga ngati mchimwene wanga, anakuwa mumsewu, anthu onse akumva. Makaniko wa pansi pa mtengo alibe chikwangwani, mayi. Munthu amakusiyira galimoto ndi makiyi ake chifukwa cha dzina. Likangomveka lakuti Afonso ngwakuba, basi, ndinyamule ana ndikalime kachewere kumudzi."

Otília anamumvera chisoni, ndipo chisonicho chinamukwiyitsa, chifukwa shefi sakanalandira chisoni m'malo mwa umboni. Atamupempha kuti adikire kaye, shefiyo anangoloza mapepala ndi cholembera, nati mawa m'mawa asaina, kamu ipezeke isapezeke.

* * *

Isménia, mkazi wa Amílcar, anali atamva tsopano zomwe zinagona m'filiji yake, ndipo sanafunike kufunsidwa kawiri.

"Chitsulo, mana Otília! Chitsulo cha girizi m'konjeladoro yanga! Madzi amene ndimagulitsa amwedwe ndi anthu akununkha motoro? Ndinawauza bambo a Lara chaka chatha, galimoto yanu ithere pansi pa mtengo. Koma ayi, munthu wamkulu ndi ndevu zake, kudikira ndipite kukaimbira Mulungu kuti andilowere kuseri!"

Filiji inali pakhonde la kuseri, yaikulu yotsegukira m'mwamba, ili ndi loko wake wosathyoka. Otília anapempha kuti aone mkati. Mbali ina munali timatumba ta madzi oundana. Mbali inayo munali mitolo yambirimbiri, italiitali, youma gwa, uliwonse wokulungidwa m'nsalu yakeyake.

"Nyama yonseyi ndi yanu?"

"Yanga? Ndikanalemera! Ndi ya azimayi a mumsewu uno. Kutentha kwa kuno nyama sigona, ndipo konjeladoro si aliyense ali nayo. Ndiye amasungitsa kuno. Aliyense amakulunga m'kapulana wake kuti tisasokoneze. Wamaluwa uyu ngwa Dona Edite, wamizere uyu ngwa amayi abusa. Ndipo tanenani inu a boma, bambo a Lara alira chitsulo chawo m'mawa umodzi, apolisi thithithi pakhomo. Ine nyama ikusowa muno chiyambire Pasaka, anabwera ndani?"

Otília anasiya mtolo umene anagwira. "Nyama imasowa?"

"Sabata ndi sabata! Lero mwendo wa mbuzi, mawa mlamba. Manyazi ndimaona ndine, azimayi akundiyang'ana cham'mbali ngati ndimadya ndekha usiku."

"Loko anathyoledwapo?"

"Ngakhale kamodzi."

Otília anaitana Amílcar. Anatulutsa mwendo wa mbuzi wa Dona Edite, wokulungidwa bwino, nampatsa m'manja.

"Mtolo wanu uja unali wotani poyerekeza ndi uwu?"

Amílcar anauyesa kulemera m'manja, nauyang'ana uku ndi uku. "Kutalika ndi komweku. Wanga unali wolemererako pang'ono, koma ndi thaulo lija..."

"Chiyambire m'mawa tikufuna wakuba wodziwa magalimoto," anatero Otília. "Wodziwa magalimoto sakanadutsa giya ndi masipuling'i pakhonde n'kukatenga chitsulo chosagwira ntchito pachokha. Munthu wathuyu sanabwere kudzaba kamu, bambo Amílcar. Anabwera kudzaba ndiwo. Anasankha mtolo wolemera kuposa yonse. Dona Isménia, makiyi a loko uyu ali ndi ndani?"

"Ine, ndi bambo a Lara, ndi..." Isménia, amene pakamwa pake sipanatsekepo chifikire Otília, anakhala pa chidebe, nagwira kumutu.

"Ndi ndani, mana?"

"Achimwene anga a Domingos. Amagona kachipinda ka kuseriko. Ndi amene amatenga madzi m'mamawa kukagulitsa ku mlatho."

* * *

A Domingos anawapeza pamthunzi wa khoma pafupi ndi pokwerera mashapa, maminibasi a kuno, atakhalira bokosi la madzi ozizira. Anali bambo wa imvi zapatalipatali, jekete ali nalo pakutentha konseko, ndipo fungo la kachasu linkafika munthu asanapereke moni. Amílcar ankafuna kuwalumphira, koma Otília anamuuza kuti atsale mu chopela, njinga yamoto ya matayala atatu imene anakwera.

"Aaa, boma lenileni latiyendera! Madzi, a Ajenti? Kwa inu ndi ulere, mwana wa kwathu. Ndamva, ndamva za tsoka la alamu anga. Dziko laipa. Afonso, munthu wooneka wofatsa chonchija! Ine chitsulo ndingatani nacho? Ndilibe ngakhale njinga yakapalasa."

"Za chitsulo sindikufunsani, bambo. Ndikudziwa kuti simukuchidziwa."

"Mwaona! Boma lophunzira limaona patali."

"Ndikufunsa za mwendo wa mbuzi. Azimayi akukangana kunyumba kuja. Dona Edite akuti wobiriwira uja unali wawo, koma kanali kamwendo kowonda, kopanda pake."

"Kowonda? Akunama mayi amenewo! Unali mwendo wa tonde weniweni, phewa linachita kundiwawa pofika ku..."

Anatseka pakamwa ndi dzanja, koma mawu anali atatuluka kale. Anayang'ana kumlatho, anayang'ana kuchopela kumene mlamu wawo anali atatulutsa mutu, kenako mapewa anagwa.

"Pofika kuti, bambo Domingos?"

"Mlongo wanga asamve, chonde."

"Wamva kale, ndipo akulira. Pali munthu ali m'chitokosi chifukwa cha inu. Munapita nawo kuti?"

"Ku Nhartanda. Kwa Dona Teresinha, wootcha mbuzi uja. Ndimamuuza kuti ndi ya msuweni wanga wa ku Changara. Sayang'ana n'komwe, amangoponya m'beseni kuti isungunuke."

"M'madzi?" Amílcar anakuwa ali mu chopela. "Kamu yanga ili m'madzi?"

* * *

Pa baraka ya Dona Teresinha panalibe utsi, chinthu chosachitika nthawi ya nkhomaliro. Makala anali atazimitsidwa, mabenchi atagadabuzidwa. Pakati pa bwalo panali beseni la madzi onyezimira mafuta, ndipo anthu anaima patalipatali akulilozerana. Mayi wina wogulitsa tomato anawauza monong'ona kuti mwini baraka amuponyera mankhwala. Amati akamasule nyama, wapeza chitsulo cha mfundomfundo, chozizira ngati mtembo, chokulungidwa katatu.

"Ali kuti tsopano?"

"Apita nacho kumtsinje. Apeza wa bwato woti akachiponye pakatikati."

Amílcar sanadikire chopela. Anathamanga kudutsa m'madimba, nsapato imodzi n'kutsala m'matope, Otília ali pambuyo akugwira chipewa. Atatulukira pagombe la Zambezi anaona bwato litakankhidwa kale theka, mwini wake ali m'madzi olekeza m'maondo. Kutsogolo kwa bwatolo kunali lata, ndipo palatapo panagona kamushafuti ya ku Joni, yoyera mbuu ndi mchere.

"Imani! Polisiya!"

Dona Teresinha, mayi wamkulu thupi, Mnyungwe wa konkuno, anatembenuka manja ali m'chiuno.

"Ndin'funa lini kumva! Polisiya imadziwa chiyani za bzinthu bza ufiti? Zaka zonsezi ndikuotcha mbuzi pano, makasitomala ali kwa ine, anzanga mtima ukuwawa. Lero anditumizira chitsulo kuti baraka yanga iume ngati chitsulocho. Kankha bwato, iwe!"

"Mayi, ndapota nanu!" Amílcar anagwada pamchenga, munthu amene m'mawa uja ankanjenjemeretsa msewu wonse. "Ndi cha galimoto yanga. Mcherewo uchita dzimbiri, mayi! Onani, onani foto iyi, ndinajambula tsiku limene chinafika."

Dona Teresinha anasuzumira pa foni, nafwenthera kumbali. "Ndiye afiti alibe mafoni?"

Otília anaona kuti pakamwa sawina. Anavula nsapato, nalowa m'madzi ndi yunifomu yomwe, nanyamula chitsulocho ndi manja awiri. Anthu amene anawatsatira anakuwa. Iye anachipukuta mchere ndi malaya ake, nachikumbatira pachifuwa.

"Ngati ndi mankhwala, Dona Teresinha, agwire ine. Amene anakubweretserani ankaganiza kuti ndi mwendo wa mbuzi. Anauba m'filiji ya mlongo wake, monga anabera ina yonse imene mwakhala mukuotcha chiyambire Pasaka."

Mayiyo anamuyang'ana Otília kwa kanthawi, kudikira kuti agwe. Ataona kuti sakugwa, anaseka mpaka kugwira bwato. Kenako kuseka kunatha mwadzidzidzi.

"Domingos! Wandidyetsa nyama yakuba, wanditayitsa mchere wa mwezi wathunthu, wandizimitsira moto masana. Ali kuponi? Mum'mange msanga, chifukwa ndikayamba kum'peza ndine, mudzatola jekete lokha."

* * *

Afonso anatuluka m'chitokosi dzuwa litapendeka. Amílcar ankamudikira pakhomo la esikwadra, phazi limodzi lopanda nsapato, chitsulo chili m'manja atachipaka oyilo.

"Mano, ndinalakwa," anatero motsitsa. "Undikhululukire."

Afonso analandira kamushafuti, naiyendetsa chala pa kamfundo kalikonse, naiyang'anitsa kudzuwa.

"Mchere sunalowe. Girizi waiteteza." Anaibweza m'manja mwa mwini wake. "Koma ponditcha wakuba simunanong'one, mano."

Anatembenuka n'kumapita kwawo wapansi. Amílcar anatsala ataima, manyazi atamugwira zenizeni.

M'mawa mwake Otília anali pa tchuthi, koma miyendo inamutengera ku Canongola. Nkhani ya a Domingos azimayi anali ataikana kuti ipite kukhoti. Anawalanda kiyi, n'kuwayendetsa khomo ndi khomo kukapepesa eni nyama, Isménia ali pambuyo pawo maso ofiira, ndipo a Domingos ankaoneka kuti akanasankha ndende. Atatha zimenezo, Amílcar anatuluka pageti, naima pakati pa msewu pomwe anaima dzulo lake.

"Anthu a ku Canongola, tamverani! Dzulo ndinanama! Afonso sanabe kanthu! Wopusa ndine, wobisa chitsulo pakati pa mbuzi za eni ake! Amene ali ndi galimoto apite nayo kwa Afonso, ine ndikuikira umboni!"

Anabwereza kumtunda, anabwereza kumunsi, mpaka mawu anasasa. Azimayi anaseka, agalu anauwa. Ali mkati mokuwa kachitatu, njinga yamoto inatulukira pakona. Afonso anatsika, napachika malaya pa nthambi ya nimu, nafunsa ngati makala ayaka.

Kamushafuti inali itagonanso m'filiji, ulendo uno ataiika yekha Isménia, pakona yakeyake, yosakulungidwa m'nsalu ya munthu. Afonso anavuula giya m'oyilo wowira ndi pulayala, Amílcar anagwira chitsulo chozizira ndi chiguduli, ndipo giya analowa yekha mpaka pamalo pake, kuti tswii, kautsi n'kukwera. Anasintha masipuling'i limodzilimodzi. Afonso anapaka mafuta kamfundo kalikonse, anagoneka kamu pamalo pake, anamanga mabawuti pang'onopang'ono kuyambira pakati, kenako anagwirizanitsa zizindikiro za giya ndi za injini. Anazungulitsa injini ndi dzanja kawiri, khutu lili pafupi, kumvetsera ngati pali chogunda. Sanalankhulane zambiri, koma sipanala inkafika m'dzanja la Afonso asanaipemphe.

Pofika madzulo mpanda unali utadzaza mitu ya anthu. Afonso anatseka chivundikiro cha injini, napukuta manja.

"Lizani, mano. Koma ikalira musaisiye itsike, kamu yatsopano imafuna moto kuti ikhazikike."

Amílcar anatulutsa kiyi m'thumba, nayang'ana anthu a pampanda aja, naiika m'dzanja la Afonso. Anamutsegulira yekha chitseko.

"Hii!" Isménia anagwira mkono wa Otília. "Ine mkazi wake, mayi wa mwana wake, pampando umenewo sindinakhalepo chigulire galimotoyi!"

Afonso anazengereza, akuyang'ana buluku lake la girizi. Kenako analowa. Injini inatsokomola kamodzi, kawiri, n'kubangula mpaka nkhuku kubalalika ndi malata a khonde kunjenjemera. Anaponda moto osautsitsa, ndipo amene anali asanabwere anabwera, msewu wonse n'kuona yemwe wakhala pa chiwongolero. Otília anamva mtima wake ukumasuka, ndipo anasangalala kwambiri.

Amílcar anaweramira pawindo, manja ake akuda ali pachitseko, akukuwa zinazake zosamveka m'phokosomo, misozi ili m'maso. Afonso anayang'ana manjawo, nayang'ana mnzakeyo, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere m'chitokosi anamwetulira.

"Tachotsani manjawo, mano," anakuwa. "Mukundidetsera galimoto."

Amílcar anawachotsa msangamsanga, napukuta chitsekocho ndi malaya ake.